Nyimbo ya Nambala Naini

4 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo, kupatula maso a Amayi amene akunka nachita chidima, ndi msana wanga umene makina osokerawa alumbira kuti authyola chaka chisanathe.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu imangoitana. Ndaimba Lolemba, ndaimba Lachinayi, ndaimba Lamulungu. Ndiye ndati bola ndipatsire adalaivala a thiraki aja, poti iwo amakupezani pamaso.

Nkhani ndi ya kompyuta ija munatumiza Bambo atamwalira, imene munaikamo nyimbo zawo za m'matepi. Kapulogalamu koimbira nyimbo, kotuwa kaja, kayamba matenda. Nyimbo ikafika pakati kamangoima, pa sikirini n'kubwera kabokosi ka mawu osamveka, mpaka ndizimitse kompyuta yonse n'kuyatsanso. Sabata ino kachita zimenezi katatu.

Mwina muiona ngati nkhani yochepa, koma mukanaona zimene Amayi amachita m'mawa uliwonse. Akasesa pakhonde n'kumwa tiyi, amakhala pa mpando wa Bambo uja wa pakona, n'kuvala mahedifoni chifukwa ati makina anga amasokosa. Zilembo sakuziona, ndiye amawerenga ndi chala. Amadina batani la muvi woloza pansi akuwerenga mpaka naini, kenako n'kudina batani lalikulu lija. Amamvera nyimbo imodzi yomweyo, kamodzi kapena kawiri, n'kuvula mahedifoni, n'kuphimba kompyuta ndi kansalu ka maluwa. Pamenepo ndiye kwawachera. Koma kotuwako kakaima pakati, tsiku lonse amangozungulira m'nyumba muno ngati munthu wataya singano, ndipo wolalatiridwa ndimakhala ine pamodzi ndi makasitomala anga.

Ndinawafunsa kuti mu nambala naini muli chiyani. Anati, "Soka zako iwe."

Mutiuze chochita, inu Ainjiniya athu. Mutiuzenso za inu. Mukudya? Chifuwa chija chinatha? Amayi safunsa za inu ndi pakamwa, koma thiraki ikaima panja, oyamba kufika pageti amakhala iwo.

Ine mlongo wanu.

22 Malichi

Chemwali,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mulipo. Ine ndili bwino. Za foni undikhululukire. Ku nyumba yosungira katundu kumene ndikugwira ntchito, mafoni timasiya m'timakabati tokiya polowa, ndipo poweruka ndimakhala nditatheratu.

Za kapulogalamuko, ndinadziwa kuti tsiku lake lifika. Kameneko n'kakale, ndinangokaika mofulumira maliro atangotha, mutu usakuyenda. Anthu anakasiya kalekale. Pa fulashi imene ndapatsira adalaivala pali mapulogalamu atatu. Onse ndawayesa ndekha kwa masiku khumi, ndiye usati ndangotola pamsewu.

Yoyamba ndi yopepuka, siilemetsa kompyuta yokalamba ngati imeneyo. Imatsegula chilichonse, nyimbo ndi mafilimu omwe, koma nkhope yake njosakongola ndipo mabatani ake ndi ang'onoang'ono. Yachiwiri ndi ya anthu a makutu. Umatha kukweza mabesi, kutsitsa tolira mokwera, mpaka gitala kumveka ngati woimbayo wakhala pambali pako. Koma imafuna munthu woidziwa. Yachitatu, yabuluu, ndiye yanga yapamtima. Imasanja nyimbo yokha, zilembo zake n'zazikulu moti Amayi angathe kuziona, ndiponso imasesa m'nyumba: ikapeza nyimbo imodzi ili kangapo, imasunga yomveka bwino kwambiri n'kufufuta zotsalazo.

Zimenezi ndiye zikufunika pamenepo. Ukudziwa mmene Bambo analili. Munthu wokonza mawotchi sasiya chinthu chisanalondole. Nyimbo yawo ija ya mvula anaijambula kakhumi ndi kanayi! Pokopera matepi ndinkangomva poyambira n'kupitirira, koma ndinaona kuti zambiri n'zophonyeka. Ina gitala yasokonekera, ina muli galu, ina muli phokoso la anthu. N'kutheka kuti nambala naini ndi imodzi mwa zimenezo, ndipo Amayi anangoizolowera. Tiwapatse yoyera, amve amuna awo bwinobwino.

Tsono umve. Ukaika yabuluuyo, idzakufunsa ngati ichotse zobwerezabwereza. Udzadine kuti inde. Ukatero udzakhuthule bini ya pa sikirini, kenako udzakopere mafilimu amene ndaika pa fulashi pomwepo, poti malo adzakhala atapezeka. Kotuwako udzakachotse.

Uwapatse moni Amayi.

Mchimwene wako.

9 Epulo

Achimwene,

Moni wochokera kwa tonse awiri. Fulashi yafika bwino, zikomo.

Loweruka masana ndinaphimba makina, ndinakhazika Amayi pampando, n'kuchititsa mpikisano wa mapulogalamu anu atatu. Woweruza anali iwo. Yabuluu itafunsa zochotsa nyimbo ndinadina kuti ayi, ndimafuna aione kaye.

Yoyamba anasuzumira mpaka mphuno kugunda sikirini, n'kuti, "Awa ndi mabatani kapena utitiri?" Yachiwiri ndinakweza mabesi monga munanenera. Sanathe nayo ndi mphindi yomwe. Anavula mahedifoni n'kuti, "Bambo ako sankaimbira m'mgolo." Yachitatu njokongoladi, sindikana, ngakhale ine ndinaikonda. Koma yasanja nyimbo mwa nzeru zake. Amayi anawerenga mpaka naini, kudina, kunatuluka nyimbo imene Bambo anaimba pa ukwati wanga, ukwati woti unatha kale. Anayang'ana buluu ameneyo n'kuti, "Chikomekome cha mkuyu." Kenako anati, "Mundisiyire kotuwa kanga. Kakudwala, koma kakudziwa pamene pali zinthu zanga."

Ndiye achimwene, palibe njira yokachizira kotuwako? Mwina kungokachotsa n'kukaikanso? Ine ndikuona ngati Amayi sakufuna nyimbo yomveka bwino. Akufuna yomweyo. Dzulo ndinkawayang'ana ndili pa makina. Milomo yawo inkagwedera ngati akuyankha munthu, ndipo chakumapeto anaseka okha. Chiyambire maliro aja sindinawaonepo akuseka pena paliponse, koma pampando umenewo.

Za chifuwa simunayankhe. Komanso musandinamize, Lamulungu simugwira ntchito. Kapena foni ya Lamulungu nayo imagona m'kakabati?

Mlongo wanu.

27 Epulo

Chemwali,

Ndili bwino, chifuwa chinatha kale.

Kalata yako yandikhumudwitsa, ndinene poyera. Munthu wogwira ntchito maola khumi ndi awiri chiimirire, n'kutaya masiku khumi kukusankhirani chinthu chabwino, malipiro ake ndi utitiri ndi mkuyu? Ndikudziwa chimene chili pansi pa nkhaniyi. Chilichonse chochokera kwa ine pakhomo pamenepo chimayamba chanunkhizidwa kaye, chifukwa ndine uja sanabwere kudzaika bambo ake m'manda. Ndinafotokoza za mapepala anga, kuti ndikanatuluka m'dziko muno sakanandilolanso kulowa. Ndifotokoze kangati?

Kotuwako tsiku lina kadzafa osadzukanso, ndipo mudzalembera ine ndemwe. Yabuluu ilibe mlandu. Waisiya ndi nyimbo khumi ndi zinayi za dzina limodzi, ndiye isasokonezeke bwanji? Uchite zimene ndinalemba, zonse, mwandondomeko. Ikatsala imodzi, Amayi sadzavutikanso ndi kuwerenga. Munthu wamkulu amakana chatsopano sabata imodzi, yachiwiri amayamba kuchitamanda kwa anansi.

Usawafunsenso, udzangowasokoneza. Pa zosoka sindikuphunzitsa. Pa izi undimvere.

Mchimwene wako.

12 Meyi

Achimwene,

Moni wa lero ngwaufupi. Tilipo, koma zinthu sizili bwino.

Ndinakumverani. Lachitatu Amayi atapita kuchipatala cha maso, ndinayala kalata yanu yoyamba ija pambali pa kiyibodi n'kuitsata mzere ndi mzere. Yabuluu itafunsanso, ndinadina kuti inde. Ndinakhuthula bini. Ndinakopera mafilimu anu onse. Kotuwa kaja ndinakachotsa. Nyimbo ya mvula inatsala imodzi, yoyera bwino, Bambo akuimba mosaphonya kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinadzitama mumtima kuti nanenso ndine injiniya.

M'mawa mwake ndinawaveka mahedifoni ndekha.

"Amayi, kuyambira lero simuziwerenganso. Ndi iyi."

Anamvera mpaka inatha. Ndiye anati, "Tsopano ndiikire ya naini."

"Ndi yomweyo, Amayi, koma iyi ndi yabwino."

"Sindinafunse yabwino."

Nditawauza kuti zinazo zafufutidwa, sanakalipe. Bola akanakalipa. Anavula mahedifoni, n'kukulunga chingwe chake bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Wakuuza ndani?" Ndinati inu. Anangoti, "Oho," n'kulowa kuchipinda. Tiyi wawo ndinakamutaya masana atazizira.

Tsiku lomwelo ndinasenza kompyuta mpaka kwa wokonza makompyuta wa pafupi ndi siteji ya basi. Anakhala nayo masiku awiri. Akuti ndikanangofufuta n'kusiyira pomwepo, akanazibweza zonse. Koma mafilimu aja anakakhala pamalo pomwe panali nyimbozo. Anandifunsa kuti, "Mayi, simunasunge kope kwina musanafufute?" Ndinati kalata sinanene. Anandiyang'ana mokhala ngati akundimvera chisoni, ine manyazi mpaka kumapazi. Anatolako tizidutswa titatu tatifupi. Amayi anatimvera tonse n'kupukusa mutu.

Chala chinali changa, sindikukana. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nawo m'nyumba momwemuno mwini wake woti ndimufunse. Koma chiyembekezo chilipo, ndipo chili kwa inu. Matepi aja tinakutumizirani m'katoni maliro atatha, muwapatsire adalaivala. Kapena mufufuze nambala naini yokhayo muikopere pa fulashi. Chonde, pa ulendo uno womwewu.

Mlongo wanu.

30 Meyi

Achimwene,

Adalaivala afika dzulo chimanjamanja. Akuti anagogoda pa chipinda chanu kawiri, anamva wailesi ikulira m'kati, koma simunatsegule. Amayi anali pageti. Ananamizira kuti amathirira maluwa, chikhalirecho mvula inali itagwa m'mawa.

Kodi mwakwiya? Mwakwiyira yani?

Ndikuuzeni zimene mukuzithawazo. Amayi akasesa n'kumwa tiyi, amapitabe pampando uja. Amavala mahedifoni, koma kompyuta sayatsa. Chala chimadina batani pa kiyibodi yozima, ine ndili pa makina ndimachita kumva, ndipo ndimaleka kupalasa n'kumawerenga nawo mumtima mpaka naini. Pakapita mphindi zingapo amavula, n'kuphimba kansalu. Saseka. Chakudya akungochilawa. Diresi limene ndinawasokera mwezi watha layamba kale kuwakulira m'mapewa.

Ine nane mutu sukugwira. Sabata ino ndaononga nsalu ya kasitomala, ndadula manja awiri a mbali imodzi. Zaka khumi ndi ziwiri ndikusoka, zoterezi sindinachitepo.

Munati pa zosoka simundiphunzitsa. Ndiye ine ndikuphunzitseni chimodzi. Telala sadula nsalu asanayeze mwini wake. Inu munadula muli kutali, ine n'kukugwirirani sizasi. Tonse talakwa, koma ine ndili pano ndikuziona ndi maso tsiku ndi tsiku, pamene inu mwadzitsekera m'chipinda.

Matepi, achimwene. Sindikupempha china.

Mlongo wanu.

15 Juni

Chemwali,

Sindinakwiye. Ndinali m'katimo, ndinawamva adalaivala akugogoda, ndipo ndinakhala zii ngati wakuba m'chipinda changa chomwe.

Matepi kulibe. Chaka chatha posamuka ndinapeza katoni ija itanyowa pansi pa bedi, matepi atachita chuku. Ndinati zonse zili pa kompyuta kale, n'kuitaya m'bini ya panja. Kope lina linali pa laputopu yanga yakale, imene ndinaifufuta n'kugulitsa. Masabata onsewa ndakhala ndikusakasaka munthu amene anaigula. Ndamupeza Lachisanu, wandilola kuifufuza, mulibe kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Kalata ino ndayamba kuilemba kanayi. Ine amene ndimadziwa pulogalamu iliyonse, iti imatsegula chiyani, iti imamveka bwanji, sindinamverepo nyimbo ngakhale imodzi ya Bambo mpaka kumapeto. Ndinkaopa mawu awo. Ndinkaika tepi, kumva gitala ikuyamba, n'kutsitsa voliyumu, n'kukaima panja mpaka itatha. Zija ndinakulembera za galu ndi phokoso ndinangozimva podutsa. Ndiye kuti ndinakulamula kufufuta chinthu chimene sindikuchidziwa n'komwe.

Foni nayo ndi chimodzimodzi. Za timakabati n'zoona, koma si chifukwa chake. Ndimaona dzina lako likuwala, ndimadziwa kuti upereka foni kwa Amayi, ndipo sindidziwa kuti mawu anga oyamba adzakhala otani. Ndimangoiyang'ana mpaka itasiya kulira.

Pa fulashi iyi ndaika kotuwa kaja. Ukabwezeretse, ngakhale ndikudziwa kuti ndikubweza mbale chakudya chitatayika kale. Uwawerengere Amayi kalata yonseyi, usadumphe pena. Ndipo ngati angalole, andiuze: mu nambala naini munali chiyani?

Mchimwene wako.

2 Julayi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, ndiye zilembo zikamakwera phiri usaseke, mizere sindikuiona. Ndili bwino. Mlongo wako amakokomeza, ndikudya.

Kalata yako wandiwerengera kawiri. Kotuwa kanga kabwerera, kakuimba, ndipo kakudwalabe matenda ake omwe aja. Mapulogalamu ako atatu aja usawade, palibe amene anandilakwira. Makina amachita zimene auzidwa. Anauzidwa kuti asunge yabwino, ndipo anasungadi yabwino.

Wafunsa za naini. Mlongo wako sindinamuuze chifukwa ndinkachita manyazi, nkhalamba ngati ine kumasewera masewera otere.

Linali tsiku limene unkanyamuka, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, m'mawa. Mlongo wako anali atatsogola kukakugwirira malo m'basi. Bambo ako anati sakuperekeza chifukwa ali ndi ntchito. Analibe ntchito. Anakhala pa tebulo lawo la mawotchi, n'kuyatsa wailesi ya matepi, n'kuyamba nyimbo ya mvula, kuti asakuone ukumanga chikwama.

Ndime yoyamba imatha bwino. Yachiwiri ili pakati, umamveka iwe kuchokera kuchipinda: "Amayi!" Ine sindiyankha, ndikuopa kuononga nyimbo. Umaitananso mokweza: "Amayi! Nsapato zanga zakuda zija zili kuti?" Ine ndimati, "Wayang'ana pansi pa bedi?" Iwe umati, "Palibe!" Ndiye bambo ako amasiya gitala n'kunena kuti, "Anthu inu, kodi m'nyumba muno munthu angamalize nyimbo?" Timaseka tonse atatu. Kenako umati, "Zisiyeni, ndachedwa," chitseko n'kumenyeka. Tepi imazungulirabe, bambo ako amakhosomola, n'kuzimitsa. Yathera pomwepo. Ndi phokoso la anthu, monga unanenera.

Bambo ako ali mu nyimbo zonse, ndikawafuna ndimawapeza. Iwe unali mu imodzi yokha. Chiyambire maliro, ndi mmenemo mokha mmene mwana wanga wamwamuna ankandiitana. Kawiri m'mawa uliwonse, ndikabwereza kanayi. Ndipo ndinkakuyankha.

Za mapepala ndinamva kalekale, usazifotokozenso. Bambo ako anaikidwa bwino, anthu analipo ambiri, palibe chinasowa. Amene ine ndikumulira tsopano ndi wamoyo.

Usatumizenso fulashi. Usajambulenso mawu ako n'kunditumizira, ndimakudziwa, waganiza kale zimenezo. Foni ya mlongo wako imakhala pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ukuti sudziwa mawu oyamba. Ndikupatsa ine: undifunse za nsapato. Tsiku lija ndinakuyankha zolakwika, ndipo m'mawa uliwonse ndakhala ndikudzimva ndekha ndikulakwitsa. Sizinali pansi pa bedi. Ndinazipeza masana ake kuseri kwa kabati, basi itapita kale. Ndimazipukuta Loweruka lililonse.

Imba, undifunse.

Mayi ako.